Mphete Zachitsulo pa Malaya Achikopa

Amuna anga anagwa padenga la chigafa mvula itangokhazikika, fodya asanafike pothyola. Anakwera kuti akakonze udzu pamene pankadontha, koma mtengo umene anapondapo unali wofumbwa mkati, ndipo anatsika nawo limodzi. Ine ndinali kumunda. Mlamu wanga, mchemwali wawo wamng'ono amene tinkakhala naye ukwati wake utatha, ndi amene anabwera kudzandiitana. Fupa la ntchafu linali litathyoka. Tinawanyamula pa ngolo mpaka ku Chamama, kenako pa galimoto mpaka kuchipatala ku boma, kumene anagona nthawi yaitali mwendo uli womangidwa. Atatuluka anabwera ndi chikhakha chochokera m'chiuno kufika kuphazi, ndipo adokotala anati asaponde pansi kufikira iwo atanena.

Munthu ameneyu sanazolowere kukhala. Chikwatirane chathu ndinkawadziwa ngati munthu wotuluka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, wolankhula zofunika zokha: mbewu, ng'ombe, feteleza, sukulu ya mwana. Sanali wankhanza. Anali wachete basi, ndipo ine ndinaphunzira kukhala nawo choncho. Koma pakhonde paja, pamene tinkawagoneka m'mawa uliwonse, chete wawo anasanduka china. Ankayang'ana ine ndi mlamu tikubwera ndi mitolo ya fodya pamutu, n'kutembenukira kukhoma. Ukawapatsa madzi, akuti atentha. Ukawafunsa za mwendo, akuti ufunse mwendowo. Anzawo ankabwera kudzawazonda masiku oyamba, koma nyengo yothyola fodya siilola munthu kucheza, ndipo pang'ono ndi pang'ono analeka.

Amene sanaleke anali aphunzitsi. Ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi kwathu, ndipo popeza nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, ankakhala m'nyumba imene apongozi anga anasiya, kuseri kwa khola lathu. Anali mnyamata wamkulu ndithu koma wosakwatira, wochokera kumpoto, ndipo Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika mwa kwawo. Ine ankanditchula amama, amuna anga adada, ngakhale kusiyana kwa zaka kunali kochepa. Akaweruka ankadutsira pakhonde pathu, n'kukhala pang'ono. Anayesa kubweretsa bawo, koma amuna anga anawadya kangapo konse mpaka onse awiri anatopa nalo.

Tsiku lina masana anabwera ndi kathumba kansalu, n'kukhuthulira pa mphasa timadayisi tamitundumitundu. Sindinaonepo madayisi otero. Ena anali ngati timapiri, ena a mbali zambiri moti ukawaponya ankagubuduka ngati nthudza. Ine ndinati msanga kuti juga pakhomo pano ayi, ndine munthu wa mpingo. Iwo anaseka, n'kulongosola kuti palibe chobetcherana, palibenso wopambana mnzake. Anati ndi masewera amene anaphunzira kwa mnzawo ku koleji. Munthu mmodzi amafotokoza dziko longopeka, la mafumu, zilombo ndi midzi ya m'mapiri, ndipo enawo aliyense amakhala munthu mmodzi wa m'dzikomo, n'kumanena chimene akufuna kuchita. Chinthucho chikakhala chovuta, monga kulumpha chigwembe kapena kulasa mdani, dayisi ndi limene limanena ngati zatheka. Malamulo ake anali nawo mu foni.

Amuna anga anati ndi zachibwana. Aphunzitsi sanatsutse. Anangoyamba kufotokoza ngati akulankhula ndi mlamu, kuti kuli mudzi wina kumene anthu akusowa akapita kukatunga madzi, ndipo zizindikiro za mapazi zikulunjika kuphiri kumene kuli mzinda wakale wa mpanda wamiyala. Mlamu anafunsa ngati mapaziwo anali a munthu kapena a nyama. Aphunzitsi anati awerame aone bwino, aponye dayisi. Pamene mlamu ankalakwitsa kawerengedwe, amuna anga anadzuka pa chigongono n'kumuwongolera. Pofika madzulo anali atasankha kale kukhala msilikali.

Mlamu anasankha kukhala wakuba, zimene zinatiseketsa chifukwa iye ndi munthu woti akatola singano panjira amafunsa mudzi wonse. Ine sindinkafuna. Ntchito inali yambiri, ndipo ndinkaona ngati mayi wamkulu ngati ine sangamakhale pansi n'kumanena kuti ndakoka uta. Koma fodya wothyola m'mawa tinkasokera pakhonde pomwepo, kumangirira masamba kuti akapachikidwe m'chigafa, ndiye manja akugwira ntchito makutu ankamva zonse. Aphunzitsi anati gululo likusowa munthu wodziwa tchire. Ndinavomera kukhala mlenje wamkazi, wodziwa kulondola mapazi ndi kufufuta zikopa, bola wina azindiponyera dayisi manja anga akakhala ndi phula la fodya. Amuna anga ndi amene ankandiponyera.

Tinkasewera aphunzitsi akaweruka, ndi Lamlungu tikabwera kutchalitchi. Mapu ankajambula ndi makala pa katoni, anthu athu anali zitsekerero za mabotolo, adani anali njere za chimanga. Aliyense anali ndi pepala lake losonyeza mphamvu zake ndi katundu amene wanyamula. Pa zonse zolembedwa pamenepo, amuna anga maso awo anakakamira pa nambala imodzi, ya chitetezo. Mdani akafuna kukumenya, aphunzitsi ankaponya dayisi lalikulu kuposa onse, ndipo likapanda kufika pa nambala yakoyo ndiye kuti mkondo wadumpha pa chovala osakulasa. Nambalayo inkakwera malinga ndi zimene wavala.

Aphunzitsi anatiuza kuti zovala zankhondo zili mitundu ingapo. Malaya achikopa ndi opepuka, sachita phokoso, koma amateteza pang'ono. Malaya a unyolo, olukidwa ndi timphete tachitsulo, amateteza kwambiri koma amalira ukamayenda. Pamwamba pa zonse pali zitsulo zosula zokuta thupi ngati chigoba cha kamba, zimene mkondo sulowa, koma wovala sangathamange kapena kusambira. Msilikali wa amuna anga anayamba wosauka, wopanda kanthu koma lupanga ndi chishango chathabwa. Ndiye paulendo woyamba mlenje wanga anapha njati, ndipo ndinafunsa ngati ndingathe kumusokera malaya ndi chikopacho. Dayisi linalola. Malaya amenewo anawavala nthawi yaitali, ndipo pa chigwa china pamene afisi aakulu ngati ng'ombe anatizinga, mano a mmodzi anaterereka pa chikopacho msilikali atatsala pang'ono kufa.

Mkangano unayamba titagonjetsa mlonda wina pa njira ya kuphiri. Mlondayo anavala malaya a unyolo, ong'ambika pang'ono m'nthiti. Amuna anga anasangalala, n'kunena kuti awavala pamwamba pa achikopa aja, ndipo aphunzitsi aphatikize manambala onse awiri. Aphunzitsi anakana. Anati lamulo likuti ungavale zingati, chimene chimawerengedwa ndi chimodzi chokha, choposa zinzake. Chishango chokha ndi chimene chimawonjezera. Ngati akufuna a unyolo, avule achikopa awasiye.

Amuna anga sanamvetse. Anati m'mwezi wa Juni iwo amavala malaya, juzi ndi jekete, ndipo chilichonse chimachotsako mphepo yake. Nanga mkondo ukaboola unyolo, chikopa chili mkati chingoti ine sindikuwerengedwa, dutsani? Aphunzitsi anati akumva, koma akalola zimenezo munthu adzavala malaya asanu n'kukhala wosalasika, ndipo masewera adzatha kukoma. Anakangana mpaka mlamu ananyamuka kukatsekera nkhuku. Ine ndinati, kungoti nkhani ithe, atenge a unyolowo popeza ndi amphamvu, achikopa ndi akale.

"Awa anandisokera ndinu, mayi," anatero amuna anga, osandiyang'ana. "Sindiwasiya patchire."

Mlamu anali atabwerera, ndipo anandiyang'ana. Ine ndinaweramira fodya wanga. Zinali zongopeka, malayawo kunalibe, njatiyo kunalibe, koma m'zaka zonse za ukwati wathu sindikumbukira kuti ananenapo zotero za chinthu chimene ndinawapangira ndi manja anga enieni.

Mawa lake aphunzitsi anabwera ataganiza. Anati mu foni mulibe lamulo lotere, koma wofotokoza amaloledwa kupanga lake ngati onse agwirizana. Malaya awiri sangavalidwe pamodzi, koma mmisiri angathe kumasula unyolo uja n'kusokerera timphete pa chikopa, n'kutuluka chovala chimodzi chatsopano. Chitetezo chake chidzaposa cha chikopa, koma sichidzafika cha unyolo wathunthu, ndipo kulira kwake kudzakhala kochepa. Koma panali zovuta zake. Timphete ta mlonda uja sitingakwane thupi lonse, ndiye tisankhe malo oyamba. Chigawo chilichonse mmisiri aziponya dayisi, ndipo likagwa moipa timphete tina tawonongeka. Komanso nthawi yonse yosokayo msilikali akhala wopanda chovala, sangapite kunkhondo. Mmisiri wake ndinali ine.

Kuyambira pamenepo masewera aja sanathere pa mphasa. M'mawa, mlamu ali kumunda ine ndikusoka fodya, amuna anga ankandiitana kuti ndisendeze mpando pafupi. Ankafunsa kuti ine ndikuona bwanji, tiyambe pachifuwa kapena pamapewa. Ankafunsa ngati chikopa cha njati chingalole singano, kapena tiyambe taboola ndi chitsulo chamoto. Ine ndinkayankha za m'mutu mwanga, ndipo iwo ankamvetsera ndithu, nthawi zina n'kusintha maganizo awo chifukwa cha zimene ndanena. Kuchoka pa malaya nkhani inkapita kwina. Anandiuza kuti bambo awo ankafufuta zikopa za mbuzi, ndi kuti iwo ali mwana ankadana ndi fungo lake. Anandiuza kuti ankafuna kukhala makaniko, sukulu itawakanika. Ine ndinawauza za kwathu ku Lukwa zimene sanafunsepo. Tsiku lina anandiuza mmene anagwera, kuti anamva mtengo ukulira n'kudziwa, koma panalibe pogwira, ndipo kuchipatala ankaopa kuti mwendo audula koma sanauze munthu.

Titafika posankha malo, iwo anati tiyambe pa ntchafu. Aphunzitsi anati m'masewerawa mdani salasa chiwalo chakutichakuti, nambala ndi imodzi ya thupi lonse, koma mwa lamulo lawo latsopanolo pachifuwa ndi pamene pangawonjezere kwambiri. Amuna anga anati amva, koma ayambe pa ntchafu. Palibe anatsutsanso.

Tsiku losoka ndinasamba m'manja kuti ndiponye ndekha. Pa ntchafu dayisi linagwa bwino. Pachifuwa linagwa moipa kwambiri, ndipo aphunzitsi anafotokoza mmene singano ya mlenje inathyokera, timphete n'kumwazika m'fumbi, tina n'kupindika. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinayembekezera kuti amuna anga akwiya monga ankachitira ndi madzi otentha aja. Koma anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira chikhakha chifukwa mwendo unkapweteka, n'kunena kuti mmisiri wawo watopa, apatsidwe thobwa. Kenako mlenje wanga ndi wakuba wa mlamu anapita okha kumsika wa mudzi wina kukasaka timphete tina, msilikali atatsala m'nyumba ya alendo. Mlamu anaba thumba lonse kwa wosula zitsulo, n'kupepesa kwa Mulungu mokweza pamene ankaponya dayisi.

Malaya aja atatha, nambala inakwera, ndipo tonse tinkaganiza kuti tsopano tikwera phiri. Aphunzitsi anali atatifikitsa kale pamalo pamene mpanda wa mzinda unkaonekera. Anati anthu osowa aja ali mkatimo, ndipo usiku kumamveka kulira kwa ng'oma. Koma amuna anga anati chisoti alibe. Chisoti chitapezeka, anamva kuti kuli wosula wina kutsidya kwa mtsinje amene amadziwa kupanga zitsulo za pamapewa, ndipo anafunsa ngati zingamangiriridwe pamwamba pa malaya athu aja. Aphunzitsi, amene mwina anaona mmene nkhope ya wodwala wawo inasinthira, analola, koma anachenjeza kuti chitsulo chilichonse chili ndi kulemera kwake. Pambuyo pa mapewa panabwera za m'miyendo, kenako chishango chathabwa chinakutidwa ndi chitsulo m'mphepete. Aphunzitsi ankachotsa pang'onopang'ono pa liwiro la msilikali, ndipo amuna anga ankati palibe kanthu, msilikali sathawa.

Ine sindinkadandaula. Chitsulo chatsopano chilichonse chinali nkhani ya m'mawa wina pakhonde. Mlamu ndi amene anatopa. Ankati ife tabwera kudzapulumutsa anthu kapena kudzatsegula shopu ya telala.

Kenako tinafika pa mlatho wa zingwe, pochokera kwa wosula wa kutsidya uja. Wakuba wa mlamu anatsogola chifukwa ndi wopepuka, ndipo atangofika tsidya linalo, adani anatuluka m'bango. Mlenje wanga analasa mmodzi, mivi n'kutha. Amuna anga anati msilikali athamange. Aphunzitsi anawerenga timabokosi toyezera mtunda timene anajambula pa katoni, n'kunena kuti ndi zitsulo zimenezo afika pakati pa mlatho pokha. Poyesa kachiwiri thabwa la pa mlatho linathyoka ndi kulemera kwake, mwendo n'kulowa, ndipo anataya nthawi akudzisolola. Pamene ankafika tsidya lija, wakuba anali atagona pansi. Mlamu anaponya dayisi katatu monga lamulo linkanenera, kuti aone ngati wakuba apulumuka, ndipo linamukana. Adani aja anamenya msilikali mbali zonse osamulasa ngakhale kamodzi, iye n'kuwapha onse, koma zinali zitachedwa.

Mlamu anatola chitsekerero chake pa katoni n'kuchiika m'thumba la diresi.

"Achimwene, mwandiphetsa ndi zitsulo zanu," anatero. "Inu muli bwinobwino, palibe chakukhudzani. Zikomo."

Sanaseke ponena zimenezi. Ananyamuka kupita kuchigafa, ndipo masiku angapo otsatira aphunzitsi akabwera iye ankapeza ntchito ina. Ndinamupeza tsiku lina akusankha fodya yekha, n'kumuuza kuti ndi masewera chabe. Anati akudziwa, koma wakuba uja anamuzolowera, ndipo anali munthu yekhayo amene ankachita zimene akufuna osapempha kwa wina. Amuna anga sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Anangouza aphunzitsi, mlamu akumva ali kukhitchini, kuti msilikali wavula zitsulo za m'miyendo ndi za pamapewa, wazikwirira pamodzi ndi wakuba uja pansi pa mtengo wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo watsala ndi malaya a mphete ndi chisoti basi. Lamlungu lotsatira mlamu anabwera yekha pa mphasa, n'kunena kuti tsopano akhala mkazi wa nkhwangwa yaikulu, wosavala chitsulo chilichonse.

Ndikanakonda tikanakwera phiri tsiku lomwelo. Tonse tinalipo, mitima inali itabwerera m'malo, dzuwa linali likadali pamwamba. Koma munthu watsopano wa mlamu ankafunika kumulembera pepala lake, ndipo zinatenga masana onse. Sabata yotsatira amuna anga anati pamene panali zitsulo za pamapewa patsala mabowo, ndiye mmisiri asokepo timphete totsala. Ndinasoka, dayisi linalola, ndipo malaya aja anakhala abwino koposa kale, opepuka ndi olimba. Aphunzitsi anati chovala chotere sanachionepo m'masewera alionse amene anasewerapo. Tinagona kunja kwa chipata cha mzinda, titagwirizana kuti ulendo wotsatira tilowa.

Sabata imeneyo ndi imene adokotala anachotsa chikhakha. Mwendo unatuluka wowonda, wotuwa, koma fupa linali litagwirana. Anawapatsa ndodo, n'kuwauza kuti aziyenda pang'onopang'ono. Amuna anga pang'onopang'ono sakudziwa. Fodya anali atauma, wofunika kusankha, kumanga ndi kudinda mabelo, ndipo chaka chimenecho tinali m'mbuyo kuposa anzathu onse. Ankadzikoka ndi ndodo mpaka kuchigafa m'mawa, n'kukhala komweko mpaka mdima. Aphunzitsi akabwera ndi kathumba kawo ankapeza pakhonde palibe munthu. Ankatitsatira kuchigafa, n'kuthandiza kunyamula, osatchula za masewera. Amuna anga ankati tikangotumiza mabelo ku okushoni, tikhala pansi tilowe mumzinda uja.

Mabelo asanapite, aphunzitsi analandira uthenga woti awasamutsira ku sukulu ina, kufupi ndi kwawo, teremu ikatha. Anali atapempha kalekale chifukwa cha amayi awo okalamba, ndipo anali okondwa, ngakhale ankayesa kubisa. Tinapangana Lamlungu lomaliza. Ndinaphika thobwa, mlamu anasesa pakhonde, amuna anga anafunafuna pepala lawo n'kulipeza. Loweruka madzulo kunagwa maliro kwa anansi athu, mayi wachikulire amene anadwala nthawi yaitali. Lamlungu tonse tinali kumanda, aphunzitsi akuthandiza achinyamata kunyamula bokosi. Lachiwiri lole inabwera kudzatenga katundu wawo.

Potsanzikana anandipatsa dayisi lalikulu lija. Anati ena sangasiye chifukwa anali a mnzawo wa ku koleji, koma ili ndi lawo. Anati kufotokoza sikovuta, ine ndimatha nkhani, ndipitirize. Ndinafunsa kuti mumzindamo muli chiyani, kuti ndidziwe poyambira. Anaseka n'kunena kuti akatiuza ndiye kuti aononga, adzabwera pa holide tidzalowe limodzi. Anagwira amuna anga chanza nthawi yaitali, n'kuthokoza mwa kwawo kuti yewo adada, yewo amama, n'kukwera.

Pa holide sanabwere, ndipo sindiwaimba mlandu, ulendo wake ndi wautali. Poyamba tinkaimbirana foni, kenako nambala yawo inasiya kugwira. Ndinayesa kamodzi kufotokoza ndekha, nyengo ya fodya itatha. Ndinayala katoni, ndinaika zitsekerero, n'kuyamba kuti chipata chatseguka. Mawu anga ankamveka achilendo m'makutu mwanga momwe. Mlamu anayesetsa kundithandiza. Amuna anga anamvetsera pang'ono akumwetulira, n'kunena kuti ndikuyesetsa, kenako anakumbukira kuti ng'ombe imodzi inkatsimphina m'mawa, n'kunyamuka kukaiona. Sanabwerere pa mphasa, ndipo ine sindinayalenso katoni.

Mwendo unachira bwino, kungoti kukazizira amatsimphina pang'ono. Ndimathokoza Mulungu pa chimenecho tsiku lililonse, ndipo sindingafune kuti agonenso pakhonde paja ngakhale tsiku limodzi. Koma atayamba kuyenda anabwerera kukhala munthu wakale uja, wotuluka kusanache, wolankhula za mbewu ndi feteleza. Mlamu anakwatiwanso, ali ku Kaomba. Mwana wathu ali ku boma, ku sekondale yogonera komweko. Pakhomo timatsala awiri, ndipo timakhala mwamtendere, koma sanandiitanenso kuti ndisendeze mpando, kapena kundifunsa kuti ine ndikuona bwanji. Ndinayesapo kuwakumbutsa za malaya aja. Anati zinali za nthawi ya matenda, ndipo nthawi imeneyo sakonda kuikumbukira. Kwa iwo inali miyezi yoipa kwambiri pa moyo wawo. Sindinathe kuwauza kuti kwa ine sinali choncho, chifukwa zikanamveka ngati ndinkakondwera ndi kuthyoka kwawo.

Chaka chatha ndinakumana ndi aphunzitsi aja ku boma, pa depoti. Ndinali nditapita kukaona mwana kusukulu, iwo ankachokera ku msonkhano ku Lilongwe, basi yawo itaima kuti anthu atsike. Ananenepa, anali ndi mphete ya ukwati, ndipo anandizindikira ndisanawalonjere. Anafunsa za adada, za mwendo, za mlamu. Anandionetsa mu foni ana awo awiri. Anati masewera aja anasiya, kumene ali kulibe amene amawafuna, ndipo ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, nthawi palibe. Kondakitala atayamba kuitana, ndinawagwira mkono.

"Aphunzitsi, mundiuze tsopano. Mumzinda muja munali chiyani?"

Anaima akuganiza, akuyang'ana m'mwamba. Anati akukumbukira mlatho, akukumbukira mmene mlamu anakwiyira, akukumbukira malaya a mphete.

"Koma zamkatimo ndaiwala, amama. Ndinazikonza ndithu, zinali zabwino. Pepani, zachoka."

Basi inaliza hutala, iwo n'kuthamanga. Ine ndinakwera minibasi ya ku Chamama, n'kufika kunyumba dzuwa likupendeka. Amuna anga anali pa nazale akuthirira. Ndinawauza kuti ndaonana ndi aphunzitsi, ndi kuti ali ndi banja tsopano. Anaimika kheni yothirira pansi, n'kunena kuti anali munthu wabwino kwambiri, anthu otero ndi osowa. Anafunsa ngati ndatenga nambala yawo, ndipo ndinazindikira pamenepo kuti sindinatenge. Anati palibe kanthu. Kenako anandifunsa ngati mwana ali bwino kusukulu, ndinati ali bwino, ndipo ananyamula kheni kupita kuchitsime.